Katangale ali ndi komwe anachokera

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndiyankhulepo za katangale, chifukwa mayankho awiri omwe ndimawamva anthu akafunsidwa gwero lake sandifika pamtima. Pa mapologalamu oimba foni pa wailesi, m'minibasi zopita ku Limbe, ngakhale pamaliro, ena amati vuto ndi umphawi, ena amati Amalawife tinangobadwa ndi dzanja lalitali. Zonse ziwiri ndikuzikana. Ukanakhala umphawi, bwenzi mbava zikuluzikulu ali amayi ogulitsa tomato mumsika wa Ndirande, osati anthu omwe ali kale ndi nyumba zosanja ndi galimoto zitatuzitatu. Kukanakhala kubadwa, bwenzi kuno kumakomboni palibe angasungitse mnzake ngakhale tambala.

Mayi a kunyumba kwanga ali m'gulu la banki m'khonde kuno ku Chilomoni. Tsiku lokumana amayala mphasa, bokosi la ndalama n'kuliika pakati. Bokosilo lili ndi maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo amene limagona kunyumba kwake alibe kiyi n'imodzi yomwe. Ndalama amaziwerenga mokweza, aliyense akuona, mlembi akulemba m'kabuku ka munthu aliyense. Ikapanda kuoneka K500 sabalalika, ndiwo zipserere pamoto, mpaka ipezeke. Sindikuti m'magulu amenewa simuchitika zachinyengo, zimachitika ndithu, koma wozembetsa ndalama sagona tulo chifukwa eni ake amamudziwa pomwe amakhala. Tsono amayi omwewa, amene sangalole K500 kusowa, akamva pa wailesi kuti mabiliyoni asololedwa ku Capital Hill amangopukusa mutu n'kunena kuti, "Za boma izo." Apa m'pamene pali nkhani yonse. Zinayamba bwanji kuti munthu wolipira msonkho pa sopo ndi pa mayunitsi a foni aziona ngati ndalama za boma si zake?

Boma loyamba lomwe makolo athu analidziwa silinabwere kudzawatumikira. Britain italengeza mu 1891 kuti dziko lino lili m'manja mwake, Harry Johnston anayamba ndi kupereka zikalata zotsimikiza kuti malo aakuluakulu a kuno ku Blantyre, Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ndi Zomba ndi a azungu, kenako anakhazikitsa msonkho wa nyumba. Msonkhowo unali njira yokokera anthu ku minda ya azunguwo, moti panafika nthawi yoti wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira theka chabe. Agogo anga aamuna anakulira ku Chiradzulu, kufupi ndi minda ya ku Magomero, ndipo zomwe ankatisimbira madzulo sizichoka m'mutu mwanga. Amesenjala a kwa DC akatulukira, amuna ankathawira kuphiri. Wolephera kulipira nyumba yake inkatenthedwa, kapena mkazi wake ankagwidwa mpaka mwamunayo abwere ndi ndalama. Pa esiteti panali thangata, kugwira ntchito miyezi yathunthu kuti akulole kukhala pamalopo, ndipo kapitawo ndiye ankalemba masiku. Akafuna ankakufufutira masiku omwe wagwira kale, ukamupititsira nkhuku ankakumbukira kuti unabwera. Izi n'zina mwa zomwe zinamuwawa John Chilembwe mpaka kuukira mu 1915.

M'dziko lotero kuzemba msonkho kunali nzeru. Kubisa mnzako kwa mesenjala kunali umunthu. Wotenga chimanga cha pa esiteti mudzi sunkamutcha wakuba. Mu 1933 atsamunda anapatsa mafumu makhoti ndi mphamvu zina pansi pa DC, ndipo mfumu, yomwe kale inkaopa kuti anthu ake aithawa ikawazunza, inayamba kuopa Bwana DC kuposa anthu ake. Sukulu ya sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940, papita pafupifupi zaka 50 atsamunda akutolera msonkho. Akuda oyamba analowa m'nyumba yopanga malamulo mu 1949. Linali boma lotolera koma losafotokozera otoleredwawo komwe ndalama zapita, ndipo makolo athu anaphunzira kuliona monga chinthu cha eni ake, choti uzilithawa, ndipo ukapeza mpata utapeko.

Sindikunena izi kuti tiwakhomere azungu mlandu wonse. Anachoka mu 1964. Botswana nayo inali pansi pa Britain, inalandira ufulu mu 1966 ili yosauka zedi, koma miyala ya dayamondi itapezeka, Seretse Khama ndi anzake anaonetsetsa kuti phindu lake lilowe m'thumba la dziko, ndipo lero sitingadziyerekeze nawo. Mlandu wa atsogoleri athu ndi woti analipeza boma lija lili lotero, osalisintha, chifukwa mphamvu zomwe Bwanamkubwa anali nazo zinawakomera. Patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu, nduna zomwe zinayamba kufunsa mafunso zinaona zakuda. Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Henry Masauko Chipembere, Yatuta Chisiza, Augustine Bwanausi, Willie Chokani ndi mayi Rose Chibambo, ena anachotsedwa, ena anatula okha pansi udindo, ambiri n'kuthawa m'dziko. Mu 1966 chipani chinatsala chimodzi, mu 1971 mtsogoleri anakhala wamuyaya.

Anzanga a msinkhu wanga amakonda kunena kuti nthawi ya Kamuzu kunalibe katangale. Ndinalipo, ndipo ndikudziwa chomwe amatanthauza. Kalaliki ankaopa kupempha kangachepe, fayilo inkayenda, mphunzitsi ankafika pa nthawi yake. Koma tisamanamizane. ADMARC inkagula chimanga, mtedza, thonje ndi fodya wa alimi ang'onoang'ono pa mtengo wotsika, phindu lake n'kumapita ku ngongole za maesiteti a akuluakulu a chipani ndi kampani ya Press, yomwe mwini wake anali mtsogoleri wa dzikoyo. Fodya wa bale ankaloledwa kulima ndi a maesiteti, mlimi wamba ayi. Mayi sankalowa mumsika kapena kukwera basi opanda khadi la chipani, ndipo midzi inkasonkha mazira, nkhuku, mbuzi ndi ndalama zokapereka mphatso kwa munthu wolemera kuposa wina aliyense m'dziko muno. Lamulo la mu 1966 linkalola boma kulanda katundu wa munthu popanda khoti. Amene akanafunsa za ndalama anali ndani, pomwe mu 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza n'kunamizira ngozi ya galimoto? Kutapa kunalipo, kungoti wotapa anali mmodzi ndi omwe iye wawaloleza. Aliyense wolakalaka udindo anatolapo phunziro loti chuma m'Malawi chimapezeka kufupi ndi mpando.

Mu 1993 tinasankha zipani zambiri, mu 1994 tinasintha boma. Mantha anachoka, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti anachoka. Koma mpando uja unatsala ndi mphamvu zake pafupifupi zonse, ndipo tsopano kuti munthu aukhalire anayenera kugula anthu, popeza kuwaopseza kunali kutatha. Kugawa ndalama pamisonkhano kunasanduka mwambo. Nsalu, matisheti, mabasi onyamula ovina, anyamata oteteza bwana, zonsezi zimafuna ndalama zomwe chipani chilichonse m'dziko muno sichingazipeze kwa mamembala ake, chifukwa mamembalawo sasonkha, amayembekeza kulandira. Ndiye wabizinesi amabwera ndi chikwama nthawi ya kampeni. Munthu ameneyu sakupereka chaulere, akudzala, ndipo chipani chikapambana adzakolola makontirakiti a feteleza, a mafuta, a chakudya cha apolisi ndi asilikali, pa mtengo womwe watchula yekha. Lamulo la zipani la mu 2018 linaletsa kugawa zinthu kwa ovota ndipo linati zipani ziziulula owathandiza ndi ndalama zambiri. Amene waonapo msonkhano wa kampeni ku Njamba kapena ku Nyambadwe chikhazikitsireni lamuloli anene yekha ngati kugawa kunatha.

Apa ifenso anthu wamba tili ndi gawo lathu, ndipo ndi gawo lopweteka kulinena chifukwa limachokera ku chinthu chabwino, chomwe ndi kuthandizana pachibale. Mphwanga wina amagwira ntchito m'boma, udindo wapakatikati, munthu woopa Mulungu. Kumudzi kutagwa maliro a azakhali athu, foni yoyamba inapita kwa iye. Bokosi ndi iye. Galimoto yonyamula thupi kuchoka kuno ku Blantyre ndi iye. Matumba a ufa, nyemba, shuga, mbuzi ya adzukulu, maso onse anali pa iye. Anakongola kwa akatapila kuti asachititse banja manyazi. Titaika maliro, akuluakulu atakhala pansi pa mtengo wa mango kukambirana za ana amasiye, amalume athu anamutembenukira pamaso pa onse n'kunena kuti, "Iwe mwana, anzako omwe unayamba nawo ntchito anamanga kale nyumba m'tauni, ena anawamangira makolo awo za malata. Iwe ukugona chiyani kuofesiko? Mbuzi imadya pomwe aimangirira." Palibe anawadzudzula. Amayi ena anavomereza ndi mutu. Mphwangayo anangozyolika. Amalume amenewa si munthu woipa, mbuzi ya mnansi sangabe, koma m'mutu mwawo ofesi ya boma ndi munda womwe mwana wa pakhomo wapatsidwa kuti banja lidyepo nthawi isanathe. Phungu naye zake n'zomwezo. M'bandakucha pageti pake pamakhala pali mzere wa ofuna bokosi, fizi ndi thiransipoti yopitira kuchipatala. Akakana timati ndi woumira ndipo sitimuvoteranso, akapereka sitifunsa komwe wazitenga, kenako timadabwa mlatho wa ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, ukakokoloka ndi mvula yoyamba.

Malipiro ochepa ali ndi mbali yake, sindikukana. Kuyambira mu 1981 dziko lino lakhala likutsata malangizo a IMF ndi World Bank ochepetsa ndalama zomwe boma limagwiritsa ntchito, kwacha yakhala ikugwa, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Malipiro satha kuthamangitsana ndi mitengo, ndiye anthu anapeza njira ya maalawansi. Msonkhano woti ukanachitikira mu ofesi ku Chichiri umapita ku Mangochi kapena ku Salima kuti anthu asainire masiku ogona kunja, ndipo mabungwe akunja nawo anathandiza kuzika mchitidwewu polipira anthu kuti abwere ku maphunziro awo. Zinafika poipa mu 2021, kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya Covid-19 ataonetsa kuti ndalama zambiri zinathera m'maalawansi ndi kugula zinthu mosatsata malamulo, anthu akumwalira posowa mpweya. Komabe wapolisi wa pamsewu wopempha ya fanta ndi dobadoba wa pageti ya ofesi, ngakhale amatiwawa tsiku ndi tsiku, si amene amagwetsa dziko. Iwo amaonera akuluakulu awo.

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki wa maakaunti pa kampani ina yogulitsa zipangizo za m'maofesi kuno ku Blantyre mpaka kupuma, ndiye njira yomwe ndalama zikuluzikulu zimatulukira ndinaiona ndi maso anga. Lamulo limati pogula katundu pakhale makotesheni atatu ochokera ku makampani osiyana kuti asankhe wotchipa. Ankabwera munthu atavala bwino, n'kukhala pampando wa alendo, n'kunena motsitsa mawu kuti oda ilipo yaikulu, koma pa mtengo wathu tiwonjezerepo pang'ono "ya akuluakulu", ndipo makotesheni ena awiriwo tisavutike nawo, ali nawo kale. Ankawatulutsa m'chikwama chomwecho, mapepala a makampani awiri osiyana mayina, osiyana zidindo, koma kalembedwe ka dzanja kamodzimodzi. Bwana wathu ankakana, ndipo maoda ankapita kwa ena. Patapita miyezi tinkamva kuti kampani yomwe inapambana ilibe sitolo, ilibe nyumba yosungiramo katundu, ndipo nthawi zina inkabwera kudzagula katunduyo kwa ife tomwe n'kukamugulitsa ku boma pa mtengo wowirikiza. Wabizinesi woona mtima amaphunzira msanga kuti akapitiriza kukana atseka, ndipo ambiri amagonja.

Cashgate itaphulika mu Seputembala 2013, mkulu woona za bajeti Paul Mphwiyo atawomberedwa pageti la nyumba yake ku Lilongwe, sindinaone chachilendo koma kukula kwake. Anthu ankalowa mu kompyuta yolipirira ya boma ya IFMIS, kulemba malipiro a makampani omwe sanapereke kanthu, macheke n'kutuluka, ndalama n'kutengedwa ku banki, kenako n'kufufuta zonse mu kompyutamo. Akalaliki a malipiro ochepa anapezeka ndi mamiliyoni m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba zawo. Akafukufuku a Baker Tilly a ku Britain anapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni inapita m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Maiko otithandiza, omwe ankapereka pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a bajeti yathu, anaimitsa thandizo lawo, ndipo amene analipira ndi wodwala wouzidwa kuti mankhwala akagule yekha. Funso lomwe limandivutabe ndi la mabanki. Munthu wopanda bizinesi yodziwika ankatulutsa bwanji mamiliyoni ochuluka chotero pakauntala, mobwerezabwereza, popanda wodabwa?

Chomwe chimamanga zonsezi pamodzi ndi kusalangidwa kwa akuluakulu. Lamulo lothana ndi katangale tili nalo kuyambira mu 1995, bungwe lofufuza za katangale la ACB linayamba ntchito mu 1998. Ena a Cashgate anamangidwadi, monga Oswald Lutepo yemwe anagamulidwa zaka 11. Koma taonani kayendedwe ka milandu ikakhudza andale. Nkhani ya chinyengo pogula makope a sukulu ku kampani ya Fieldyork inachitika mu 1994, chigamulo cha nduna ya maphunziro ya nthawiyo, Sam Mpasu, chinabwera mu 2008. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chinagulitsidwa pafupifupi chonse njala ya mu 2002 ili pakhomo, anthu anafa, ndipo mpaka lero Amalawi ambiri sangakuuzeni amene anapindula. Mlandu wa K1.7 biliyoni wa mtsogoleri wakale Bakili Muluzi unayamba mu 2006 n'kuthetsedwa mu 2023 khoti lisanapereke chigamulo. Sindikuti anali wolakwa, ndikuti dziko linamanidwa yankho, kaya lomumasula kaya lomumanga. Mu 2015 mkulu wina wa ku ACB, Issa Njauju, anaphedwa, galimoto yake n'kutenthedwa, ndipo zaka zinadutsa popanda wopezeka wolakwa. Mu Disembala 2022 apolisi anakagwira mtsogoleri wa bungwe lomwelo la ACB pa nthawiyo, mayi Martha Chizuma, kunyumba kwawo usiku kusanache. Chaka chomwecho K750 miliyoni ya feteleza inalipiridwa ku kampani ya ku Britain yogulitsa nyama. Wachinyamata wongoyamba ntchito m'boma akaona zonsezi, akuphunzirapo chiyani za amene amavutika, wakuba kapena wogwira wakuba?

Ndipo sizingadabwitse. Mkulu wa ACB amasankhidwa ndi Pulezidenti, woimira boma pa milandu amasankhidwa ndi Pulezidenti, mkulu wa apolisi chimodzimodzi. Aphungu amangovomereza, ndipo ndalama zoyendetsera ACB zimachokera ku nthambi ya zachuma ya boma lomwelo lomwe akuyenera kulifufuza. Chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimalonjeza kuchepetsa mphamvuzi, chikalowa m'boma chimaiwala. UDF, DPP, PP ndi MCP zonse zalamulapo, ndipo chilichonse chasiya nkhani yake. N'chifukwa chake ndimamva chisoni anthu akamasandutsa nkhaniyi kukhala ya zigawo, wakuba akakhala wakwathu timati akumulonda chifukwa cha mtundu wake, akakhala wa kwina timati amangidwe lero lomwe. Andale amadziwa kufooka kwathu kumeneku ndipo amabisalamo.

Mipingo nayo ndiipemphe. Mu 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inagwedeza dziko lino pa nthawi yomwe kuyankhula kunali kuika moyo pachiswe. Lero munthu yemwe mpingo wonse ukudziwa kuti malipiro ake sangagule galimoto yomwe wabwera nayo amapatsidwa mpando wakutsogolo pa pepala Sande, amaomberedwa m'manja akatchula chopereka chake, ndipo palibe mkulu wa mpingo amamutengera pambali kukamufunsa.

Kukana n'kotheka, tinakuona. Oweruza asanu omwe anamva mlandu wa chisankho cha mu 2019 anayesedwa ndi ziphuphu, nkhani inakafika ku ACB, chisankho chinathetsedwa pa 3 Febuluwale 2020, ndipo wabizinesi wamkulu yemwe anayesa kuwagula anapezeka wolakwa mu 2021. Chinawalimbitsa mtima oweruzawo, kuwonjezera pa chikumbumtima chawo, n'chakuti dziko lonse linkamvetsera mlanduwo pa wailesi tsiku ndi tsiku, m'Chichewa, mpaka wa kabaza ankadziwa dzina la mboni iliyonse.

Pempho langa kwa inu a nyuzipepala lili pomwepa. Nkhani ya katangale mumailemba ndi zilembo zikuluzikulu sabata yoyamba, munthu akatuluka pa belo imazilala, ndipo akuba amadalira kuiwala kwathuko. Patulani tsamba limodzi mwezi uliwonse, m'Chichewa, lolembapo milandu yonse ikuluikulu yomwe ili kukhoti: woimbidwa mlandu, kuchuluka kwa ndalama, chaka chomwe unayamba, tsiku lomwe unamvedwa komaliza, ndi amene anapempha kuti uimitsidwe. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo lokakamiza akuluakulu kuulula chuma chawo lilipo kuyambira mu 2013. Agwiritseni ntchito. Tumizani mtolankhani ku khonsolo akatenge mndandanda wa zitukuko za CDF za dera lililonse la mzinda uno, mtengo wake ndi dzina la kontirakitala, muusindikize. Ife a ku Chilomoni, Bangwe, Ndirande, Zingwangwa ndi Machinjiri tidzanyamula nyuzipepalayo n'kupita pamalopo kukaona ngati mjigo kapena chipinda chophunziriramo chomwe chalembedwacho chilipodi.

Kalaliki wopuma ntchito,
Chilomoni, Blantyre